Mapu a pa intaneti amabadwira mu spreadsheet

Pa 22 Januwale 2020, pulofesa Lauren Gardner wa pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America ndi wophunzira wake Ensheng Dong anaika pa intaneti mapu akuda okhala ndi madontho ofiira. Dontho lililonse linkasonyeza kumene Covid-19 yapezeka, ndipo kukula kwa dontholo kunkasonyeza kuchuluka kwa odwala. Pasanathe miyezi iwiri, atolankhani, madokotala ndi anthu wamba m'mayiko ambiri ankati kukacha n'kuyamba atsegula mapu amenewo. Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti masiku oyambirira manambala aja ankalowetsedwa pamanja, ndipo ankagawidwa kudzera mu Google Sheets, tebulo wamba losasiyana kwenikweni ndi limene mlembi wa banki mkhonde amalembamo masheya a mamembala.

Ndayambira pamenepa chifukwa anthu ambiri akaona mapu oti ukawakhudza ndi chala amakula, ukadina pa boma amatulutsa kabokosi ka manambala, amaganiza kuti ntchito yonse yagona pa luso lolemba mapulogalamu. Sizili choncho. Masiku ano mbali ya pulogalamu ndi yaing'ono, ndipo nthawi zina simulemba ngakhale mzere umodzi wa code, kutanthauza malangizo olembera kompyuta. Chimene chimadya masiku, chimene chimapangitsa mapu kukhala oona kapena osocheretsa anthu, ndi tebulo lija.

Kompyuta sidziwa kuti Dedza ali kuti. Kwa iyo, Dedza ndi zilembo zisanu basi. Kuti ijambule kanthu, muyenera kuipatsa chimodzi mwa zinthu ziwiri: manambala osonyeza malo enieni padziko, kapena fayilo ya malire imene ikhoza kuipaka mitundu.

Njira yoyamba ndi ya madontho, ndipo imayenera zinthu zokhala pamalo amodzi monga mijigo, sukulu, zipatala ndi misika. Mzere uliwonse m'tebulo ndi chinthu chimodzi, ndipo pamakhala makolamu awiri, ina ya latitude (kutalika kwa malo kumpoto kapena kummwera), ina ya longitude (kutalika kwake kummawa kapena kumadzulo). Mzinda wa Lilongwe uli cha pa -13.98 ndi 33.78. Kamzere kali kutsogolo kwa 13 kakunena kuti malowo ali kummwera kwa equator, ndipo n'kosavuta kukataya. Wolemba akangokaiwala, dontho la Lilongwe limakatera ku Sudan, kummwera kwa Khartoum. Akasinthanitsa manambala awiriwo, limakagwera m'nyanja ya Atlantic, kufupi ndi Morocco. Kusinthanitsaku sikuchitika chifukwa cha kusasamala kokha. GeoJSON, mtundu wa fayilo umene mapu ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito, umayamba ndi longitude, pamene Google Maps ndi Leaflet, chida chopangira mapu a pa intaneti, zimayamba ndi latitude. Munthu wodziwa bwino ntchito yake amakodwabe pamsampha umenewu. Pali ndi vuto lina: mabokosi akasiyidwa opanda kanthu, mapulogalamu ena amawatenga ngati 0 ndi 0, ndiye madontho onse osowa malo amakaunjikana pamadzi ku Gulf of Guinea, malo amene akatswiri a mapu anawapatsa dzina loti Null Island.

Amene amagwira ntchito ndi anzathu a ku Tete kapena Niassa adziwenso ichi: kompyuta yoikidwa m'Chipwitikizi imalemba -13,98 ndi chizindikiro cha koma (,) m'malo mwa kadontho. Pomwe fayilo ya CSV, imene ndi tebulo losandutsidwa malemba wamba, imagwiritsa ntchito koma yemweyo polekanitsa makolamu. Mukaphatikiza matebulo a mbali ziwirizi osayang'anitsitsa, nambala imodzi imang'ambika pakati n'kukhala ziwiri.

Nanga ngati m'tebulo muli mayina a malo okha, opanda manambala? Zilipo zida zimene zimatenga adiresi n'kubweza latitude ndi longitude, ntchito imene amaitcha geocoding. Nominatim, ya OpenStreetMap (mapu a pa intaneti ojambulidwa ndi anthu odzipereka), ndi yaulere, ngakhale salola kufunsa koposa kamodzi pa sekondi. Zida zimenezi zimachita bwino ku London kapena ku Johannesburg, kumene nyumba ili ndi nambala ndipo msewu uli ndi dzina. Kwathu kuno, kumene munthu amalondolera kuti "mukapitirira chigayo mukhotere kumanja, pamtengo wa mango", sizithandiza kwenikweni, ndipo midzi ya mayina ofanana ndi yosawerengeka. Chida chikasowa yankho lenileni sichikhala chete, chimangosankha malo ena a dzina lomwelo. N'chifukwa chake ndimaona kuti kuli bwino wosonkhanitsa deta aime pamjigo penipenipo n'kutenga GPS ndi foni, pogwiritsa ntchito mafomu a KoboToolbox kapena ODK, kusiyana n'kudzalota malowo ali mu ofesi.

Njira yachiwiri ndi yopaka maboma mitundu malinga ndi manambala, ndipo mapu otere amatchedwa choropleth. Si yatsopano: Charles Dupin anaigwiritsa ntchito mu 1826 posonyeza mmene maphunziro analili m'zigawo za France. Pano pamafunika mafayilo awiri. Ina ndi tebulo lanu. Inayo ndi fayilo ya malire, ya mtundu wa Shapefile kapena GeoJSON, momwe boma lililonse lalembedwa ngati mndandanda wautali wa madontho olizungulira. Mafayilo otere a Malawi, Zambia ndi Mozambique amapezeka mwaulere pa Humanitarian Data Exchange, webusayiti ya nthambi ya United Nations yotchedwa OCHA. Ntchito ya pulogalamu ndi kukwatitsa mafayilo awiriwa: imatenga dzina la m'tebulo, n'kufufuza dzina lofanana nalo m'fayilo ya malire, ikalipeza n'kupaka mtundu.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Tsiku lina ndinapanga mapu a chiwerengero cha anthu m'maboma, zonse zikuoneka bwino, koma kumunsi kwenikweni, ku Chigwa cha Shire, kunali chibowo chotuwa. Ndinafufuza mu code kwa nthawi yaitali osapeza cholakwa. Vuto linali chilembo chimodzi. Tebulo limene ndinapatsidwa linkati Chikhwawa, fayilo ya malire inkati Chikwawa. Kwa ine ndi inu ndi boma limodzi lomwelo, koma kwa kompyuta ndi mawu awiri osadziwana, choncho inangosiya boma lonselo losapaka, popanda kundichenjeza. Zomwezo zimachitika ndi Nkhata Bay ndi Nkhatabay, Nkhotakota ndi Nkhota Kota. Choopsa koposa ndi kampata kosaoneka kamene munthu amasiya kumapeto kwa dzina akagunda space mosadziwa. Mumayang'ana mayina awiriwo mpaka maso kuwawa, ali ofanana ndendende, koma sakulumikizana.

Chibowo chotuwa n'chabwinoko chifukwa chimaoneka. Zolakwa zoipitsitsa ndi zimene sizisiya chizindikiro. Malawi ali ndi maboma 28, koma matebulo a kalembera wa 2018, amene National Statistical Office ya ku Zomba inatulutsa, amalemba mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba payokha, ndiye mizere imakwana 32. Mafayilo a malire nawonso ena ali ndi zigawo 28, ena 32. Tinene kuti fayilo yanu ili ndi Lilongwe mmodzi, pomwe tebulo lili ndi mzere wa Lilongwe wa kumidzi, wa anthu 1,637,583, ndi mzere wa mzinda, wa anthu 989,318. Pulogalamu idzatola mzere umene dzina lake lagwirizana, winawo n'kuutaya. Mapu adzaoneka athunthu, mitundu yonse ilipo, koma anthu pafupifupi miliyoni imodzi asowa. Njira yodziwira ndi yakale ndithu: phatikizani manambala onse amene alowa pa mapu, muone ngati akukwana 17,563,749, chiwerengero cha dziko lonse pa kalembera ameneyo. Akapanda kukwana, musapitirire.

Malire nawo amasintha. Neno anapatulidwa ku Mwanza mu 2003, Balaka anachoka ku Machinga, Phalombe ku Mulanje, Likoma ku Nkhata Bay. Wofuna kufanizira manambala a kale ndi a lero ayenera kudziwa kuti Mwanza wa m'tebulo lakale si Mwanza wa m'fayilo ya malire ya lero. Akapanda kudziwa, mapu ake adzasonyeza ngati anthu anathawamo m'bomalo, pamene chinasintha ndi mzere wa malire chabe.

Mankhwala a zonsezi ndi kusalumikiza ndi mayina. Lumikizani ndi makhodi. Muyezo wa ISO 3166-2 unapatsa boma lililonse khodi yake, monga MW-LI ya Lilongwe ndi MW-BL ya Blantyre, ndipo mafayilo a OCHA amabwera ndi makhodi awoawo otchedwa P-code, ofika mpaka ku madera a mafumu aakulu. Onjezerani kolamu ya khodi m'tebulo lanu kamodzi kokha, mosamala, ndipo kuyambira pamenepo kalembedwe ka dzina sikadzakuvutitsaninso. Chenjerani ndi makhodi oyamba ndi ziro, chifukwa Excel ikaona 0105 imaganiza kuti ikukuthandizani poisandutsa 105.

Tebulo lenilenilo liyenera kuvulidwa zokongoletsa zonse. Matebulo a m'maofesi amapangidwira maso a bwana: mutu waukulu pamwamba, mabokosi ophatikizidwa, mzere wa chigawo cha kumpoto pakati pa maboma, mzere wa zonse pamodzi kumunsi. Pulogalamu ya mapu imafuna tebulo lopanda ulemu wotere. Mzere woyamba ukhale mayina a makolamu, mzere uliwonse wotsatira ukhale boma limodzi, bokosi lililonse likhale ndi chinthu chimodzi. Ndipo pamene palibe lipoti, musalembepo 0. Ziro akutanthauza kuti anawerenga ndipo sanapeze wodwala. Bokosi lopanda kanthu likutanthauza kuti palibe amene anawerenga. Mukasakaniza ziwirizi, boma limene chipatala chake sichinatumize lipoti chifukwa netiweki inavuta lidzaoneka ngati ndi limene lili pabwino kuposa onse, ndipo thandizo lidzalilambalala.

Tsopano funso limene ndimaona kuti ndi lalikulu pa onse: mukupaka nambala iti? Tiyerekeze kuti matenda ena agwira anthu 1,000 ku Lilongwe wa kumidzi ndi anthu 100 ku Likoma. Mukapaka manambala amenewa mmene alili, Lilongwe adzafiira psuu, Likoma adzayera. Koma Likoma anali ndi anthu 14,527 okha pa kalembera wa 2018. Odwala 100 pachilumbapo ndiye kuti pafupifupi anthu 7 pa 1,000 alionse, pamene ku Lilongwe sakukwana ngakhale mmodzi pa 1,000. Moto uli ku Likoma, koma mapu akuloza kwina. Mapu opaka manambala osagawa amangobwereza chinthu chimodzi chimene tonse tikuchidziwa kale, choti ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli anthu ambiri. Choncho popaka maboma, onjezerani kolamu yogawa nambalayo ndi chiwerengero cha anthu. Ngati mukufunadi kusonyeza kuchuluka kwenikweni, mwachitsanzo kuti unduna udziwe kotumiza mabedi ambiri, gwiritsani ntchito mabwalo okula mosiyanasiyana ngati aja a Johns Hopkins.

Ngakhale mutagawa bwino, diso limakopeka ndi malo aakulu. Mzimba, boma lalikulu kuposa onse, amadzaza sikirini, pamene mzinda wa Blantyre, wa anthu 800,264, ndi kachidutswa koti chala chimakaphimba. Likoma ndiye saoneka n'komwe mpaka mutakulitsa. Apa ndi pamene mapu okhudzika amaposa a papepala, chifukwa mukhoza kuika kabokosi kofufuzira dzina, kapena tebulo pansi pa mapu, kuti boma laling'ono lisamire.

Za mitundu ndinena mwachidule. Magulu asanu kapena asanu ndi limodzi ndi okwana, kuposa pamenepo diso silisiyanitsa. Mtundu umodzi wochoka kowala kupita kwakuda umamveka msanga kuposa utawaleza. Pewani kudalira kufiira ndi kubiriwira, chifukwa pali anthu ambiri, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Webusayiti ya ColorBrewer, imene Cynthia Brewer wa pa yunivesite ya Penn State ku America anayambitsa, ili ndi mitundu yoyesedwa kale. Koma dziwani kuti pamene mwadula magulu pamasintha uthenga. Deta yomweyo ikhoza kuoneka yoopsa kapena yabata malinga ndi pamene gulu lofiira layambira, ndiye yesani madulidwe angapo, musankhe amene akunena zimene manambala akunenadi.

Pansi pa madontho ndi mitundu yanu pamakhala mapu ena, a misewu, mitsinje ndi mayina a malo. Amenewa sabwera ngati chithunzi chimodzi. Amabwera m'tizidutswa ta mbali zinayi, nthawi zambiri ta mapikiselo 256 mbali iliyonse. Pa mlingo woyamba dziko lonse limakwana m'kachidutswa kamodzi, ndipo mukakulitsa kamodzi, kachidutswa kalikonse kamagawika panayi. Foni imangokoka tizidutswa timene tikuoneka pa sikirini nthawi imeneyo, n'chifukwa chake netiweki ikafooka mumaona mabokosi otuwa akudzaza limodzilimodzi. Google Maps ndi imene inatchukitsa njira imeneyi kuyambira 2005. Ambiri opanga mapu awoawo amatenga tizidutswati ku OpenStreetMap, imene Steve Coast anayambitsa ku Britain mu 2004 ndipo imajambulidwa ndi anthu odzipereka. Ndi yaulere, koma lamulo lake ndi loti dzina la OpenStreetMap lilembedwe pa mapu anu. Tizidutswa timeneti timatsatira kajambulidwe kochokera kwa Gerardus Mercator, ka mu 1569, kamene kamatupitsa mayiko akutali ndi equator. Pa mapu a Malawi yekha kusiyanako n'kochepa. Pa mapu a dziko lonse, Greenland amaoneka ngati akulingana ndi Africa, pamene Africa ndi wamkulu kuwirikiza pafupifupi ka 14. Pofanizira mayiko, sankhani kajambulidwe kosunga kukula kwenikweni.

Zida zogwirira ntchitoyi zilipo za msinkhu uliwonse. Wofuna kungoika madontho a sukulu za m'dera lake, Google My Maps imalandira spreadsheet mwachindunji, mpaka mizere 2,000 pa gawo limodzi. Wofuna choropleth yooneka bwino popanda kulemba code, Datawrapper ya ku Berlin ndi Flourish ya ku London ndi zimene manyuzipepala ambiri amagwiritsa ntchito: mumamata tebulo, mumaloza kolamu yolumikizira, chidacho n'kukusonyezani mayina amene sanagwirizane, pomaliza n'kukupatsani kachidutswa ka HTML koti mumate pa webusayiti yanu. Kwa woyamba kumene ndimalimbikitsa njira imeneyi, makamaka chifukwa cha chenjezo la mayina lija. Wofuna kulamulira chilichonse yekha amapita ku Leaflet, imene Volodymyr Agafonkin wa ku Ukraine anatulutsa mu 2011. Ndi yopepuka, ndipo ndi mizere yochepa ya JavaScript mukhoza kuwerenga CSV pogwiritsa ntchito Papa Parse, kuilumikiza ndi GeoJSON, n'kupaka maboma. D3, ya Mike Bostock, imapereka ufulu wochuluka koma imafuna nthawi yophunzira. Pokonza fayilo ya malire, QGIS ndi yaulere ndipo imakwanira.

Pali chinthu chimodzi chimene opanga mapu ali pa laputopu ya mu ofesi, pa WiFi, amachiiwala kawirikawiri: wowerenga wawo ali pa foni, ndipo bandulo anagula ndi ndalama yake. Fayilo ya malire yochokera kwa akatswiri imatsatira kakhonde kalikonse ka gombe la nyanja ya Malawi ndi kupinda kulikonse kwa mtsinje wa Shire, ndiye imalemera mamegabayiti ambiri. Pa sikirini ya foni zonsezo sizioneka. Mapshaper, chida chaulere cha Matthew Bloch, chimachotsa madontho osafunika, fayilo n'kupepuka kwambiri maonekedwe a maboma osasintha. Ingoonetsetsani kuti Likoma ndi Chizumulu sanafufutike nawo, poti tizilumba ndi timene timayamba kutayika pochepetsa. Kumbukiraninso kuti pa foni palibe mouse. Uthenga umene umatuluka pokhapokha mouse ikadutsa pamwamba, wa pa foni sadzauona. Yesani mapu anu pa foni yotsika mtengo, pamalo pamene netiweki imavuta, musanawatulutse.

Mapu akhozanso kulumikizidwa ndi Google Sheets mwachindunji, moti wina akasintha nambala m'tebulo, mapu amasintha okha. Pa nthawi ya kolera kapena kusefukira kwa madzi, ngati mmene zinalili ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, izi n'zothandiza kwambiri chifukwa wolowetsa manambala safunika kudikira katswiri. Koma khomo lomwelo limalowetsanso zolakwa. Munthu akasintha dzina la kolamu, kapena akawonjezera ziro mwangozi, dziko lonse limaona nthawi yomweyo. Ndi bwino kukhala ndi matebulo awiri, lina logwiriramo ntchito, lina lotsekedwa limene mapu amawerenga, ndipo munthu mmodzi azisamutsa manambala atawaona. Ngakhale maofesi aakulu amapunthwa pa spreadsheet. Mu Okutobala 2020 zinadziwika kuti ku England anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sanalowe m'malipoti pa nthawi yake, chifukwa nthambi ya boma yoona zaumoyo ya Public Health England inkagwiritsa ntchito mtundu wakale wa fayilo ya Excel umene sulandira mizere yoposa 65,536. Mizere yotsalayo inkangodulidwa mwakachetechete. Pansi pa mapu alionse lembani kumene manambala achokera ndi tsiku limene anasinthidwa komaliza, kuti wowerenga adziwe ngati akuona za lero kapena za mwezi watha.

Chomaliza chimandikhudza kwambiri. Mu 1854, kolera atabuka ku Soho mumzinda wa London, dokotala John Snow anatsatira nyumba zimene munafa anthu, ndipo mapu amene anajambula anasonyeza imfa zitaunjikana mozungulira pampu ya madzi ya pa Broad Street. Nkhani imeneyi imaphunzitsidwa kulikonse ngati umboni wa mphamvu ya dontho pa mapu. Koma mapu a Snow anali papepala. Anu ali pa intaneti, pamene aliyense akhoza kukulitsa mpaka kuona denga la nyumba. M'mudzi wa mabanja makumi atatu, dontho losonyeza munthu amene ali ndi HIV, kapena mtsikana amene anachitidwa nkhanza, silisiyana ndi kulemba dzina lake pakhoma la sitolo. Deta yokhudza anthu iyenera kuphatikizidwa pa mlingo wa boma kapena wa mfumu yaikulu, ndipo pamene chiwerengero chili chochepa kwambiri, ndi bwino kusachionetsa.

Kubisa kolamu mu spreadsheet sikuteteza munthu. Mapu ambiri opangidwa ndi Leaflet amakoka fayilo yonse ya CSV kupita ku foni ya wowerenga, kenako n'kusonyeza makolamu amene mwasankha. Enawo amakhala alipobe, ndipo aliyense wodziwa kutsegula zida za browser akhoza kuwawerenga. Ngati tebulo limene munalandira lili ndi mayina, manambala a foni kapena GPS ya pakhomo pa munthu, pangani fayilo yatsopano yokhala ndi makolamu okhawo amene mapu akufuna, muitsegule mu Notepad, muiwerenge ndi maso anu mzere ndi mzere, ndipo imeneyo ndiyo ipite pa intaneti.